Munthu amene anasuzumira m'dzala la selo

Mu 1988, mukanafika pa yunivesite ya Tokyo n'kufunsa kuti mwa akatswiri ofufuza za maselo ndani amene dzina lake lidzamveke dziko lonse, palibe akanakulozerani a Yoshinori Ohsumi. Anali ndi zaka 43, ndipo chaka chomwecho m'pamene anapatsidwa labotale yawoyawo kwa nthawi yoyamba, ku nthambi ya yunivesiteyo ya ku Komaba. Inali labotale yaing'ono, ya anthu owerengeka ndi zida zochepa. Mapepala a kafukufuku anali nawo ndithu, abwino, olembedwa mosamala, koma owawerenga anali kagulu kochepa ka anthu okonda yisiti. Inde, yisiti yomweyi yotupitsa buledi ndi mandasi.

Patapita zaka 28, pa 3 Okutobala 2016, komiti ya ku Stockholm inalengeza kuti mphoto ya Nobel ya zamankhwala ndi kagwiridwe ntchito ka thupi yapita kwa munthu mmodzi yekha, wopanda wogawana naye, ndipo munthuyo anali a Ohsumi omwewo. Ine nkhaniyi imandikoma nthawi zonse ndikaiganiza, ndipo kukoma kwake kumaonekera bwino tikatsata mapepala awo ndi momwe anzawo anayambira kuwatchula.

Pa sayansi pali mwambo umene anthu akunja saudziwa kwenikweni. Wofufuza akapeza kanthu amalemba pepala n'kulitumiza ku magazini ya akatswiri, anzake n'kuliunika asanalisindikize. Kumapeto kwa pepalalo amandandalika mapepala onse a anthu ena amene anamupatsa poyambira: njira imene anabwereka, mfundo imene anaimirapo, ngakhale imene akuitsutsa. Nthawi iliyonse pepala lanu likalowa m'ndandanda wa mnzanu, amati latchulidwa kamodzi. Makompyuta amawerenga zimenezi, ndipo mayunivesite amayang'ana chiwerengerocho pokweza anthu pantchito ndi pogawa ndalama za kafukufuku. Mapepala ochuluka amatchulidwa kangapo chabe n'kuiwalika. Lotchulidwa ka 100 lachita bwino zedi. Lofika pa 1,000 ndiye kuti lasintha kaganizidwe ka anthu ambiri.

Potengera muyeso umenewu, zaka zoyamba za a Ohsumi zinali zosapatsa chidwi. Anabadwira ku Fukuoka pa 9 Febuluwale 1945, nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ili pafupi kutha. Anaphunzira pa yunivesite ya Tokyo, namaliza digiri yoyamba mu 1967 ndi ya udokotala mu 1974. Atatero anapita ku New York, ku yunivesite ya Rockefeller, kukagwira ntchito m'labotale ya a Gerald Edelman, amene anali atalandira kale Nobel mu 1972. Kumeneko anapatsidwa ntchito yofufuza za mazira a mbewa, ntchito imene sankaidziwa ndipo sinawayendere. Anaisiya n'kutembenukira ku yisiti. Mu 1977 anabwerera kwawo n'kukhala wothandizira m'labotale ya a Yasuhiro Anraku, ndipo anakhala m'labotale ya mwini wake zaka 11.

Chimene anasankha kufufuza kumeneko n'chimene chimandisangalatsa. Mkati mwa selo la yisiti muli kathumba kakakulu kotchedwa vacuole. Nthawi imeneyo akatswiri ambiri ankakaona ngati dzala, kotayako zinyalala za selo, ndipo ndani angafune kutha zaka zake akufufuza dzala pamene anzake akuthamangira majini ndi kapangidwe ka mapuloteni? A Ohsumi ananena kambirimbiri m'moyo wawo kuti sakonda mpikisano, ndipo amasangalala kugwira ntchito pamene anthu ena sakufunapo. Anayamba ndi kuonetsa kuti khungu la kathumbako lili ndi timakina topopa zinthu kulowetsa mkati, ndiponso tosunga mkatimo mowawasa. Inali ntchito yabwino, koma sinagwedeze dziko.

Gawo la sayansi limene anadzalowamo nalonso linali lozizira. Katswiri wa ku Belgium, a Christian de Duve, anatulukira mu 1955 kuti m'maselo a nyama muli timatumba togaya zinthu totchedwa lysosome. Ofufuza ena poyang'ana ndi maikulosikopu amphamvu a ma elekitironi anaona kuti nthawi zina selo limakulunga ziwalo zake zomwe m'kathumba n'kukazipereka ku lysosome kuti zigayidwe. Mu 1963 a de Duve anatcha zimenezi autophagy, kudzidya kwa selo. Ndiye zinaima pomwepo kwa zaka pafupifupi 30. Zithunzi zinalipo, dzina linalipo, koma panalibe amene ankadziwa jini ngakhale imodzi yoyendetsa ntchitoyi. Popanda jini simungathe kuizimitsa kuti muone chimene chichitike, ndipo popanda kutero simungathe kunena ngati ndi yofunika kapena ayi. Mapepala onena za autophagy ankatuluka makumi ochepa chabe pachaka padziko lonse lapansi. Munthu mmodzi akanatha kuwawerenga onse, nthawi n'kumutsalira.

Tsono tafika pa 1988. A Ohsumi, ali m'labotale yawo yatsopano, anadzifunsa funso losavuta. Ngati vacuole imagayadi zinthu monga lysosome, imachita zimenezi liti, ndipo bwanji sitiziona? Anaganiza kuti nthawi yake iyenera kukhala ya njala. Yisiti ikasowa chakudya, makamaka cha nayitirojeni, imasintha thupi lake lonse n'kupanga timbewu tolimba todikira nyengo yabwino. Kuti ipange zatsopano popanda chakudya chochokera kunja, iyenera kuphwasula zimene ili nazo kale. Vuto linali lakuti zinthu zikangolowa mu vacuole zimagayidwa nthawi yomweyo, diso lisanazione. Nzeru yawo inali iyi: kutenga mtundu wa yisiti wopanda michere yogayira mu vacuole, mtundu umene a Elizabeth Jones a ku America anali atapanga kale, n'kuumana chakudya. Ngati zinthu zikulowadi, zidzaunjikana popeza palibe chozigaya.

Anachitadi zimenezo, n'kuika kadontho ka yisitiyo pagalasi, n'kusuzumira pa maikulosikopu wamba, wa kuwala, wonga amene amapezeka m'labotale ya sekondale yabwino. Patatha ola limodzi, mu vacuole munayamba kuoneka timipira tochepa, tikunjenjemera, tikuthamangathamanga uku ndi uku. Timipirato tinka tichuluka. Pofika maola atatu kathumba konse kanali katadzaza, tikuphiriphitha. Taganizani chimwemwe chake! Chinthu chimene akatswiri anakhala akuchisaka movutikira kwa zaka zambiri ndi makina odula, apa chinali poyera, chikuvina pamaso pa munthu mmodzi m'kachipinda kakang'ono. A Ohsumi anafotokozapo kuti ankatha kukhala maola ambiri akungoyang'ana, osatopa.

Pano pali chinthu chimene aliyense wowerengera mapepala a ena ayenera kuchiona. Zimene anaona mu 1988 zinasindikizidwa mu 1992. Zaka zinayi! Sanathamange. Anafuna umboni wakuti timipirato ndi zidutswa za mkati mwa selo lomwelo, ndipo a Misuzu Baba anagwira ntchito yovuta yojambula maselowo ndi maikulosikopu a ma elekitironi. Zithunzizo zinaonetsa kuti kampira kalikonse, kotalika kosakwana gawo limodzi mwa magawo 1,000 a milimita, kanali ndi zinthu zomwezo zopezeka m'selo, ngakhale ma mitochondria, timakina topanga mphamvu. Kenako zinadziwika bwino momwe zimayendera: kunja kwa vacuole kumabadwa kakhungu kopyapyala, n'kukula, n'kupindika kukuta gawo la selo mpaka kutsekeka kukhala thumba la makungu awiri. Khungu lakunja limalumikizana ndi vacuole, lamkati n'kugwera mkati pamodzi ndi katundu wake. Pepalalo linatuluka mu Journal of Cell Biology, dzina loyamba lili la a Kazuhiko Takeshige. Wina akanabwera mu 1990 ndi cholembera kudzawerenga zimene labotaleyi yatulutsa pa nkhaniyi akanabwerera wopanda kanthu, mwinanso akanalangiza kuti ndalama zipite kwina. Zikanakhala zomvetsa chisoni bwanji!

Chotsatira chake n'chimene chinatsegula chitseko. Popeza tsopano kudzidya kwa selo kunkaoneka ndi maso, kunali kotheka kufunafuna yisiti imene yalephera kuchita zimenezi. Wophunzira wawo, a Miki Tsukada, anathira yisiti mankhwala owononga majini mwachisawawa, n'kuyamba kuyang'ana mitundu yambirimbiri, umodziumodzi, kusaka umene vacuole yake ikhala yopanda timipira ngakhale pa njala. Anaupeza woyamba, ndipo anaona kuti umafa msanga ukasowa chakudya. Chizindikiro chimenechi chinawathandiza kusefa mitundu ina zikwizikwi mofulumira. Mu 1993 awiriwa anasindikiza pepala mu FEBS Letters, la masamba asanu ndi limodzi okha, lonena za majini 15 ofunika pa autophagy.

Masamba asanu ndi limodzi, m'magazini yolemekezeka koma yosakhala m'gulu la zija zikuluzikulu zimene aliyense amalakalaka. Pepalali silinachititse phokoso litangotuluka. Lero latchulidwa koposa ka 1,000, ndipo ndi limodzi mwa mapepala anayi okha amene komiti ya Nobel inaika patsogolo polengeza mphoto. Pa nthawi yomweyo a Michael Thumm ku Germany ndi a Daniel Klionsky ku America ankapezanso majini ena mu yisiti, aliyense podzera njira yake, ndipo pambuyo pake zinadziwika kuti ambiri mwa majiniwo ndi amodzimodzi. Gulu lililonse linali ndi maina akeake, zomwe zinkasokoneza owerenga, mpaka mu 2003 pamene anagwirizana m'magazini ya Developmental Cell kuti onse azitchedwa ATG.

Mu 1996, ali ndi zaka 51, a Ohsumi anakhala pulofesa wathunthu ku National Institute for Basic Biology mumzinda wa Okazaki. Chaka chomwecho asayansi a mayiko ambiri anamaliza kuwerenga majini onse a yisiti, choncho ntchito yozindikira kuti jini iliyonse mwa 15 ija ndi iti inafulumira. Koma poyamba zotsatira zake zinali zozunguza mutu. Pafupifupi majini onsewo anali achilendo, osafanana ndi ena odziwika, moti kuwawerenga sikunauze munthu ntchito yake. Panafunika kutsata puloteni iliyonse payokha kuti aone imene imagwirana nayo.

Ku Okazaki kunabwera anthu awiri amene anakulitsa nkhaniyi. Mmodzi anali a Tamotsu Yoshimori, katswiri wa maselo a nyama. Wina anali a Noboru Mizushima, dokotala wachinyamata amene anasiya odwala n'kudzaphunzira za yisiti. Mu 1998 a Mizushima anatsogolera pepala mu Nature loonetsa kuti puloteni yotchedwa Atg12 imamatiriridwa ku ina yotchedwa Atg5 ndi michere yapadera, m'njira yofanana ndi imene maselo amagwiritsa ntchito poika chizindikiro pa mapuloteni oyenera kuwonongedwa. Mu 2000 a Yoshinobu Ichimura anatsogolera lina, mu Nature momwemo, loonetsa chinthu chimene palibe ankachiyembekezera: puloteni ya Atg8 imamatiriridwa ku mafuta a pakhungu la thumba lija, osati ku puloteni inzake. Mapepala awiriwa, pamodzi ndi a 1992 ndi 1993, ndiwo anayi aja a komiti ya Nobel.

Chaka cha 2000 chomwecho kunatuluka pepala limene, kwa ine, ndilo linasandutsa kamtsinje kukhala chigumula. Gulu la a Yoshimori, pamodzi ndi a Ohsumi ndi a Mizushima, linaonetsa mu EMBO Journal kuti puloteni ya m'maselo a nyama yotchedwa LC3 ndi m'bale wake wa Atg8, ndipo imakakamira pathumba la autophagy. Phindu lake linali lalikulu kwabasi. Munthu aliyense wokhala ndi labotale yapakatikati tsopano akanatha kulumikiza LC3 ku puloteni yowala mobiriwira, n'kuona timadontho tikuyaka m'selo, n'kutiwerenga. Wofufuza khansa, wofufuza ubongo, wofufuza mtima, wofufuza matenda opatsirana, aliyense akanatha kufunsa ngati autophagy ikukhudzidwa pa nkhani yake, n'kupeza yankho m'masabata ochepa. Ndipo aliyense wotero polemba pepala lake ankatchula pepala la 2000 lija. Latchulidwa ka zikwi zingapo. Apa m'pamene pali chinsinsi cha ziwerengero zikuluzikulu pa sayansi: pepala lotchulidwa kwambiri nthawi zambiri ndi limene lapatsa ena chida chogwirira ntchito yawo.

Kuchokera pamenepo zotulukira zinabwera motsatizana, ndipo zokoma kwambiri kwa ine ndi za kakulidwe ka mwana. Mu 2004 a Akiko Kuma, a Mizushima ndi anzawo anasindikiza mu Nature zimene anaona pa ana a mbewa. Kamwana kakakhala m'mimba kamadya kudzera mumchombo. Kakangobadwa chakudya chimenecho chimaduka mwadzidzidzi, pamene mkaka sunayambe kulowa mokwanira. M'maola oyamba amenewo autophagy imakwera kwambiri mumtima, m'mapapo ndi m'minofu yopumira. Kamwanako kamagaya pang'ono za m'maselo ake kuti kapeze zomangira ndi mphamvu, n'kuwoloka njala yoyamba ya moyo wake. Timbewa tochotsedwa jini ya Atg5 tinkabadwa tooneka bwinobwino, koma tinkafa tsiku limodzi lisanathe. Jini yomwe ija imene inapezeka mu yisiti yanjala!

Mu 2008 a Satoshi Tsukamoto ndi a Mizushima anabwerera m'mbuyo kwambiri, mpaka pa dzira. Anaonetsa mu Science kuti dzira la mbewa likangokumana ndi umuna, autophagy imayaka. Dziralo limakhala litadzaza ndi mapuloteni amene mayi anasungamo, ndipo kamluza kamayenera kuwaphwasula kuti kapange akeake. Timiluza topanda autophagy tinkaima kukula pa maselo anayi mpaka asanu ndi atatu, tisanafike n'komwe pokhazikika m'chiberekero. Kumbukirani kuti mazira a mbewa ndiwo anawakanika a Ohsumi ku New York. Patapita zaka zoposa 30, majini awo anadzayankha funso lalikulu la mazira omwewo kudzera m'manja mwa munthu amene anamuphunzitsa.

Palinso funso lakale lakuti n'chifukwa chiyani ma mitochondria timatengera kwa mayi okha, pamene umuna umalowa m'dzira uli ndi akeake. Mu 2011 magulu awiri, lina la a Miyuki Sato ndi a Ken Sato ku Japan, lina la ku France, anaonetsa pa kanyongolotsi kotchedwa C. elegans kuti dzira limakuta ma mitochondria a bambo m'matumba a autophagy n'kuwagaya. Za ubongo nazo zinabwera: mu 2006 mapepala awiri mu Nature anaonetsa kuti mbewa zozimitsidwa autophagy m'maselo a ubongo zimaunjikana mapuloteni owonongeka, maselowo n'kumafa, mbewazo n'kumalephera kuyenda bwino. Ku America a Beth Levine anali ataonetsa kale mu 1999 kuti jini yotchedwa beclin 1, m'bale wa imodzi mwa majini a yisiti aja, imakhudzana ndi khansa ya m'mawere. Dzala lija linapezeka kuti ndi lopangira manyowa, ndipo thupi lonse limadalira manyowawo. Munthu wamkulu amapanga magalamu 200 mpaka 300 a mapuloteni tsiku lililonse, pamene m'chakudya amapezamo pafupifupi 70 okha. Zotsalazo zimachokera ku mapuloteni akale ophwasulidwa, ndipo autophagy ndi imodzi mwa njira zazikulu zochitira zimenezo.

Nkhaniyi imatikhudza ifenso kuno. Mu 2004 gulu la a Vojo Deretic ku New Mexico linaonetsa m'magazini ya Cell kuti maselo oteteza thupi akhoza kugwiritsa ntchito autophagy kupha tizilombo ta chifuwa chachikulu tobisala mkati mwawo, ndipo mpaka lero ofufuza akuyesa kupeza mankhwala olimbikitsa njira imeneyi. Ndiye pali chloroquine. Achikulire amaikumbukira bwino ndi kuwawa kwake ndi kuyabwa kwake, mankhwala a malungo amene dziko la Malawi linasiya kuwagwiritsa ntchito ngati oyambirira mu 1993, tizilombo titayamba kupima. Lero chloroquine ili m'mashelefu a malabotale ofufuza za autophagy padziko lonse, chifukwa imalepheretsa gawo lomaliza la kugaya kuja, matumba n'kuunjikana kuti awerengeke bwino. M'bale wake, hydroxychloroquine, wayesedwa pa odwala khansa pofuna kumana maselo a khansa njira yawo yopulumukira pa njala.

Tsono yang'anani ziwerengero. Gawo limene linkatulutsa mapepala makumi ochepa pachaka linafika pofuna magazini yakeyake, ndipo mu 2005 a Klionsky anayambitsa magazini yotchedwa Autophagy. Pofika 2016 mapepala ankatuluka zikwi zingapo chaka chilichonse, moti palibenso munthu angawerenge onse. Akatswiri anafika pofuna buku la malangizo a kayezedwe ka autophagy kuti asamasemphane, ndipo kope lake la 2016 linali ndi olemba oposa 2,000. Pepala limodzi, olemba oposa 2,000! Ambiri mwa mapepala a m'gawoli, mukatsata ndandanda wawo, mukafika ku Okazaki kapena ku kachipinda ka ku Komaba kaja.

Owerengera kutchulidwa kwa mapepala anaziona komiti ya Nobel isanalankhule. Kampani ya Thomson Reuters inali ndi chizolowezi chotulutsa chaka chilichonse maina a asayansi amene mapepala awo atchulidwa kwambiri moti akhoza kulandira Nobel. Mu 2013 inatchula a Ohsumi, a Mizushima ndi a Klionsky. Chaka cha 2012 a Ohsumi anali atalandira kale mphoto ya Kyoto, mu 2015 analandira ya Gairdner ya ku Canada, kenako Nobel ija mu 2016, ya ndalama za ku Sweden zokwana makorona 8 miliyoni. Nthawi imeneyo anali atasamukira ku Tokyo Institute of Technology, kumene anapita mu 2009, ali ndi ndevu zawo zoyera, akugwirabe ntchito pa yisiti.

Ine sindine wa gulu la anthu onyoza ziwerengerozi. Pa nkhani ya a Ohsumi zinanena zoona: zinaonetsa kuti anthu zikwizikwi anapeza poyambira pa ntchito yawo. Koma zinanena zoonazo mochedwa, patapita zaka khumi ndi kuposerapo chigwirireni ntchitoyo. Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Pepala limatchulidwa ndi anthu ogwira ntchito m'gawo lomwelo, ndipo woyambitsa gawo amakhala alibe anzake oti amutchule. Mu 1993 ofufuza autophagy anali ochepa kwambiri moti ngakhale onse akanatchula pepala la a Tsukada, chiwerengero chikanakhalabe chaching'ono. Panafunika kuti majiniwo adziwike, apezeke mwa mbewa ndi mwa anthu, chida cha LC3 chifalikire, achinyamata aphunzire, atsegule malabotale awo, alembe mapepala awo. Pamenepo m'pamene mapepala akale aja anayamba kukwera, ndipo anakwera kwa zaka zambiri osatsika, zomwe sizichitika kawirikawiri chifukwa mapepala ambiri amatchulidwa zaka zochepa zoyamba n'kuzimiririka.

Chinanso chimene ndimachikonda ndi chakuti chiwerengero cha a Ohsumi sichingasiyanitsidwe ndi cha ophunzira awo. A Mizushima anadzakhala pulofesa pa yunivesite ya Tokyo, a Yoshimori pa yunivesite ya Osaka, ndipo onse awiri ali m'gulu la ofufuza za maselo otchulidwa kwambiri. A Ohsumi eni ake anakhalabe pa yisiti, osathamangira khansa kapena ubongo kumene kunali ndalama ndi mbiri. Anasiya zimenezo kwa amene anali ndi luso lake.

Kutchuka kuli ndi zake. Mphoto itangolengezedwa, pa Facebook ndi pa WhatsApp panayamba kuyenda mauthenga akuti katswiri wa ku Japan watsimikizira kuti kusala kudya maola akutiakuti kumachiritsa khansa ndi matenda ena onse. Uthenga wotere ukakufikani, dziwani kuti si zimene anapatsidwira mphoto. Iwo anamana chakudya yisiti, anapeza majini, nafotokoza momwe thumba lija limapangidwira. N'zoona kuti njala imakweza autophagy mwa nyama, koma kuiyeza mwa munthu wamoyo n'kovuta mpaka lero, ndipo pa khansa nkhaniyi ili ndi mbali ziwiri: autophagy imathandiza kuteteza selo kuti lisasanduke la khansa, komanso imathandiza chotupa chimene chakula kale kupirira. Wodwala asasiye mankhwala kapena chakudya chifukwa cha dzina la a Ohsumi.

Iwo atalandira mphoto anagwiritsa ntchito mwayi wolankhula kudandaulira dziko lawo kuti likuumiriza ofufuza achinyamata kulonjeza phindu la msanga, zomwe zikanalepheretsa ntchito yonga yawo kuyamba n'komwe. Sanangolankhula. Anapereka gawo lalikulu la ndalama za mphoto kuthandiza ophunzira ndi ofufuza achinyamata, ndipo mu 2017 anakhazikitsa bungwe la Ohsumi Frontier Science Foundation lopereka ndalama ku kafukufuku wa maziko, wosafunsidwa kuti adzagulitsa chiyani.

Ntchito ya pa yisiti nayo sinaime. Majini 15 aja tsopano aposa 40. Funso limene linazunguza akatswiri kuyambira pa zithunzi za a Baba linali lakuti kakhungu ka thumba lija kamachokera kuti, popeza kamaoneka ngati kangobadwa pamalo opanda kanthu n'kukula m'mphindi zochepa. Mu 2019 magulu a ku Japan ndi ku America anaonetsa kuti puloteni ya Atg2 ili ndi ngalande mkati mwake yodutsitsa mafuta kuchokera ku chiwalo china cha selo kupita pakhungu latsopanolo, ndipo mu 2020 zinadziwika kuti Atg9 imagawa mafutawo mbali zonse ziwiri za khungulo kuti likule mofanana. Mapuloteni awiri onsewa anachokera pa mndandanda wa a Miki Tsukada wa 1993.